Katharine Drexel Woyera ndi Sukulu ya Xavier Prep

Pa 3 Malichi Mpingo umakumbukira Katharine Drexel woyera, mayi wa ku America. Ambirife dzinali silidziwika kwenikweni, komatu Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamuika m'gulu la oyera pa 1 Okutobala 2000, tsiku limodzi ndi Josephine Bakhita amene tonse timamudziwa. Mulungu uno tione moyo wake, makamaka sukulu imodzi ya sekondale imene anayambitsa.

Katharine anabadwa pa 26 Novembala 1858 mumzinda wa Philadelphia. Bambo ake, a Francis Drexel, anali mpondamatiki wa banki. Mayi ake anamwalira iye ali khanda la masabata asanu, ndipo analeredwa ndi mayi omupeza, a Emma Bouvier. Mayiwa ankatsegula khomo lawo katatu pa sabata kuti amphawi adzalandire chakudya, zovala ndi ndalama ya lendi, ndipo ana awo ndiwo ankathandiza kugawa. Katharine anakula akuona zimenezi ndi maso ake.

A Emma anamwalira mu 1883, bambo ake natsatira mu 1885. Anasiya chuma cha madola pafupifupi 15 miliyoni, ndipo analemba kuti ana awo aakazi atatu azilandira phindu la chumacho moyo wawo wonse. Katharine anayamba kuthandiza mamishoni a pakati pa mitundu ya eni nthaka, amene azungu anawalanda malo. Mu 1887 anakaonana ndi Papa Leo XIII kukapempha amishonale. Apapa anamubwezera pempholo pomufunsa chimene chinkamuletsa iye mwini kukhala mmishonale. Funsoli linamusowetsa mtendere mpaka mu 1889 pamene anakalowa unovisi kwa asisteri a ku Pittsburgh. Mu 1891 anachita malumbiro ake nayambitsa chipani cha Sisters of the Blessed Sacrament, chotumikira eni nthaka aja ndi anthu akuda.

Masiku amenewo, m'zigawo za kumwera kwa America, malamulo a tsankho sankalola mwana wachikuda kukhala m'kalasi imodzi ndi mwana wa mzungu. Mumzinda wa New Orleans munali Akatolika achikuda ambirimbiri, koma boma litasamutsa sukulu ya Southern University kupita nayo kufupi ndi Baton Rouge, ana awo anasowa kopitirizira maphunziro. Ambuye Arkiepiskopi James Blenk anapempha Amayi Katharine kuti achitepo kanthu. Mu 1915 amayiwa anagula nyumba imene sukuluyo inasiya pa msewu wa Magazine. Anagula kudzera mwa munthu wina, podziwa kuti anthu akanamva cholinga chake akanatsekereza. Nkhani itamveka, achipongwe anaphwanya magalasi a m'mawindo. Asisteri anakonza, sukulu n'kutsegulidwa chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake inatchedwa Xavier.

Mu 1917 anawonjezerapo maphunziro a uphunzitsi, ndipo ambiri otuluka pamenepo anakaphunzitsa m'sukulu za kumidzi za m'chigawo cha Louisiana. Mu 1925 panabadwa Xavier University, yunivesite ya Chikatolika yokhazikitsidwira anthu akuda, imene ilipo mpaka lero. Gawo la sekondale linatsala pa msewu wa Magazine, lodziwika ndi dzina loti Xavier Prep.

Mu 1935 Amayi Katharine anadwala mtima, ndipo maulendo oyendera sukulu anathera pomwepo. Zaka pafupifupi 20 zotsalazo anakhala akupemphera pamaso pa Ukaristia. Anamwalira pa 3 Malichi 1955 ali ndi zaka 96, atasiya asisteri oposa 500 akuphunzitsa m'sukulu zoposa 60.

Tsiku lomwelo chitsime cha ndalama chinaphwa. Bambo awo analemba kuti ana onse akadzamwalira osasiya mwana, chumacho chidzagawidwe ku mabungwe amene iwo anawatchula mayina. Chipani cha asisteri panalibe pa mndandandawo, pakuti pamene ankalemba chinali chisanayambe. Asisteri anayendetsabe Xavier Prep kwa zaka zina 58, koma chiwerengero chawo chinkatsika ndipo ndalama zinkavuta. Mu 2013 analengeza kuti sukuluyo itsekedwa.

Apa ndi pamene anaonekera ana a sukuluyo. Anthu ena amene anaphunzirapo kale anagwirizana, anapeza ndalama, n'kugula malowo. Chaka chomwecho ana analowanso m'makalasi omwe aja, koma sukulu ili ndi dzina latsopano: St. Katharine Drexel Preparatory School. Xavier Prep inatha, koma ntchito ya mwini wake sinafe, chifukwa amene anadyapo anakumbukira.

Akhristu anzanga, ambiri amene tadzaza tchalitchi lero tinaphunzira kuwerenga pa sukulu zimene anamanga amishonale ndi ndalama za anthu amene sitinawaonepo. Amishonale ambiri anapita, ndipo thandizo lakunja silibweranso ngati kale. Kodi sukulu imene inakuphunzitsani ili bwanji lero? Denga lake likudontha kapena ayi? Ndi liti munapitako komaliza? Katharine Drexel woyera atipempherere kuti tikhale ana okumbukira kumene tinachokera.