ALESSANDRO VOLTA, MUNTHU AMENE ANAPANGA BATIRE LOYAMBA

Kumpoto kwa dziko la Italy kuli mzinda wochedwa Como, m'mphepete mwa nyanja yozingidwa ndi mapiri. M'mzinda umenewu munabadwa mwana wamwamuna pa 18 February, 1745, ndipo anamucha dzina lace Alessandro Volta. Mwanayo anacedwa kulankhula, kotero kuti abale ace anada nkhawa. Koma atakwana zaka zinai lilime lace linamasuka. Atate ace anamwalira iye akali wamng'ono. Ena anafuna kuti akhale wansembe, ena kuti aphunzire malamulo, koma mtima wa mnyamatayo unali pa zinthu zacilengedwe, makamaka mphamvu ija ioneka mu mphezi, imene lero ichedwa magetsi.

Masiku amenewo anthu ophunzira ankadziwa kale kupanga magetsi popukuta galasi mwamphamvu. Koma magetsiwo ankangothetheka kamodzi ndi kutha, monga madzi atayika mtsuko ukasweka. Panalibe munthu wodziwa kuwayendetsa kosalekeza monga ayendera madzi mu mtsinje.

M'caka ca 1774 Volta anakhala mphunzitsi ku Como. Anali munthu wa maso openyetsetsa. Mu 1776, ali pa nyanja ya Maggiore, anaona thobvu likutuluka m'matope pakati pa bango. Anabvundula matopewo ndi ndodo, nakola mpweyawo m'botolo, napeza kuti uyaka moto. Mpweya umenewu lero uchedwa methane. Mu 1779 anaitanidwa kukaphunzitsa ku sukulu yaikuru ya ku Pavia, kumene anagwira nchito zaka zambiri.

Ku mzinda wa Bologna kunali dotolo wina, dzina lace Luigi Galvani. Iyeyu anaona kuti mwendo wa cule wakufa unadumpha pamene unakhudzidwa ndi zitsulo. Mu 1791 analemba buku lonena kuti m'thupi la nyama muli magetsi aceace. Poyamba Volta anabvomereza, koma sanakhutire ndi mau a munthu wina. Anagwira acule nayesa yekha kawirikawiri, ndipo anazindikira kuti mwendowo udumpha kwambiri ngati zitsulozo ziri za mitundu iwiri yosiyana. Anayesanso pa thupi lace: anaika zitsulo ziwiri zosiyana pa lilime, ndipo pozikhudzanitsa anamva kuwawasa. Motero anati magetsiwo sacokera mwa cule ai, koma m'zitsulo ziwirizo pamene pali cinyontho pakati pao.

Mtsutso unakula, ndipo ophunzira anagawikana, ena kwa Galvani, ena kwa Volta. Volta anaona kuti kukangana ndi pakamwa sikudzathetsa mlandu. Panafunika kuonetsa magetsi popanda cule. Tsono anadula tizitsulo tobulungira ngati ndalama, tina ta mkuwa kapena siliva, tina ta zinki. Anadulanso tizidutswa ta pepala locindikala, natinyika m'madzi a mcere. Anasanjika cotere: mkuwa, zinki, pepala lonyowa, mkuwa, zinki, pepala lonyowa, kufikira mulu utatalika. Pogwira pamwamba ndi pansi pa muluwo ndi manja onyowa, anamva magetsi akumgwedeza. Pogwiranso kaciwiri ndi kacitatu, magetsi anali cikhalire. Ndipo pocurukitsa tizitsuloto, mphamvu inakulanso. Ilo ndilo linali batire loyamba pa dziko lapansi. Galvani sanaliona, pakuti anamwalira mu 1798.

Volta sanabisa nzeru yace. Pa 20 March, 1800, analemba kalata kwa Joseph Banks, mkuru wa bungwe la ophunzira la Royal Society ku London, nafotokoza zonse. Caka comweco anthu awiri a ku England, Nicholson ndi Carlisle, anapanga mulu wao, nagawa nao madzi kukhala mitundu iwiri ya mpweya. Mu 1801 Volta anaonetsa mulu wace ku Paris pamaso pa Napoleon, amene anampatsa mendulo ya golidi. Koma ulemu sunamkuza mtima. Anakonda kukhala kwao ndi mkazi wace Teresa ndi ana ao. Mu 1819 analeka nchito, nakakhala ku munda wace ku Camnago, pafupi ndi Como, ndipo anamwalira pa 5 March, 1827. Mu 1881 ophunzira anapangana kuti muyeso wa kukankha kwa magetsi uchedwe volt, pokumbukira iye.

Mulu wa Volta unali ndi cilema: zinki inkadyeka, mapepala ankauma, ndipo mphamvu inkatha msanga. Ena anadza pambuyo pace nakonza nchitoyo. Mu 1859 Gaston Planté wa ku France anapanga batire lotheka kulidzazanso likatha. Mu 1991 kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa mabatire opepuka a lithium, ndipo a mtundu umenewu ndiwo ali m'mafoni ndi m'makompyuta onyamula m'manja, ochedwa laputopu. Cifukwa ca iwo munthu akhoza kulemba ndi kusunga makalata ace pa laputopu ali pansi pa mtengo, kutali ndi nthambo za magetsi. M'kati mwa mabatirewa muli mkuwa wopsapsala, citsulo comwe cija cikumbidwa ku migodi ya ku Copperbelt m'dziko la Zambia. Ngakhale maonekedwe asintha, batire liri lonse likali ndi zinthu zitatu za Volta: mbali ziwiri zosiyana, ndi cina pakati pao cogwira nchito ya madzi a mcere aja.

MAFUNSO

1. Kodi magetsi a masiku akale anali ndi bvuto lanji?
2. Galvani ndi Volta anasiyana maganizo pa ciani?
3. Fotokozani m'mene Volta anasanjikira mulu wace.
4. Yang'anani pa batire la tochi. Palembedwa mavolt angati?