Archdeacon Johnson ndi sitima yonyamula aphunzitsi

M'nkhani zathu za anthu akale a m'mbali mwa nyanja, lero tafika pa William Percival Johnson, wansembe wa mishoni ya UMCA. Iyeyu anabadwira ku England m'chaka cha 1854, ndipo anaphunzira ku Oxford kumene anapalana ubwenzi ndi Chauncy Maples. Onse aŵiri anabwera ku Afirika mu 1876.

Johnson anafika kugombe la kum'maŵa kwa Nyanja ya Malaŵi pamodzi ndi Charles Janson, koma mnzakeyo anamwalira mu 1882 atangofika kumene. Poona kuti midzi inali yotalikirana, ndipo kumtunda kunali nkhondo ndi malonda a akapolo, iye anatsimikiza mtima kuti njira yabwino yofikira anthu ndiyo ya pamadzi. Motero anapita kwawo kukapempha ndalama zogulira sitima. Pobwerera anadwala maso ku Quelimane mpaka anachita khungu. Madokotala anangopulumutsa diso limodzi, nalonso loona mwachimbuuzi. Komabe sitimayo, imene anaitcha Charles Janson, inaloŵa m'madzi mu 1885.

Mu 1895 tsoka linagwanso. Maples, atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma, anamira m'nyanja boti lake litagubuduzika ndi namondwe. Manda ake ali ku Nkhotakota, kumwera kwa kwathu kuno ku Dwangwa. Pofuna kumkumbukira, amishoni anapangitsa sitima yaikulu ku Glasgow. Inabwera m'zidutswazidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo pamathithi anthu ankazisenza pamutu. Ataimanga kwa Mponda, sitima ya Chauncy Maples inayamba maulendo ake mu 1901.

Sitimayi inkayendera moto wa nkhuni, choncho inkaima m'madoko kukweza mitolo. M'kati mwake munali malo opemphereramo ndi ophunziriramo. Kwa zaka zambiri nyumba ya Johnson inali sitima. Ankatula aphunzitsi m'midzi, kuyendera sukulu zawo, ndi kuphunzitsa anyamata ulendo uli m'kati. Ndi diso limodzi lomwelo anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, limene linatuluka mu 1912.

Anamwalira mu 1928 ku Liuli, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo anaikidwa komweko. Mphunzitsi amene watumizidwa kusukulu yakutali m'mbali mwa nyanja adziŵe kuti ena anamtsogolera kale, atakwera sitima ya nkhuni.