Franco Luambo Makiadi, mmisiri amene adaumba rumba ya ku Congo

Mayina awiri amene adatsagana ndi Franco Luambo Makiadi moyo wake wonse ndi osokeretsa. Gulu lake linkatchedwa OK Jazz, chonsecho silinkaimba jazz ya ku America. Chamba chake chimatchedwa rumba, koma mbadwa ya ku Cuba, kumene kudachokera dzinali, ingakane kuti imeneyi si rumba yakwawo. Pansi pa mayina obwerekawa padakula maimbidwe a mumzinda wa Kinshasa, ndipo kwa zaka 33 Franco ndiye adali patsogolo powaumba.

François Luambo adabadwa pa 6 July 1938 ku Sona Bata, m'chigawo cha Bas-Congo, dzikolo lili m'manja mwa atsamunda a ku Belgium. Adakulira ku Léopoldville, dzina lakale la Kinshasa. Bambo ake, amene ankagwira ntchito kunjanji, adamwalira iye akadali mwana, ndipo sukulu idathera pomwepo. Mayi ake ankagulitsa zakudya pamsika wa Ngiri-Ngiri, ndipo mnyamatayo ankakhala pambali pawo n'kumakhwatcha gitala yopanga yekha kuti akope ogula. Woimba wina, Paul Dewayon, adamutengera m'gulu lake la Watam, kenako Henri Bowane adamulowetsa mu situdiyo ya Loningisa. Mu 1953, ali ndi zaka 15, adajambula nyimbo yake yoyamba kutchuka, Bolingo na ngai na Béatrice.

Mzinda umene Franco adakuliramo unkamvera kwambiri nyimbo za ku Cuba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, kampani ya HMV inkagulitsa mu Africa zimbale za oimba monga Trio Matamoros, ndipo wailesi ya atsamunda inkaziulutsa kawirikawiri. Zambiri mwa nyimbozo zidali za chamba chotchedwa son, koma amalonda ankazitcha rumba, ndipo dzinali lidakanirira. Anthu a ku Congo sadavutike kuzilandira. Makolo a anthu ambiri akuda a ku Cuba adatengedwa ukapolo kuchokera kudera lomwelo la mtsinje wa Congo, motero kugunda kwa nyimbozo kudali ngati kwa mbale amene wabwerako kutali. Oimba oyambirira ankatsanzira ngakhale mawu a Chisipanishi osawamva tanthauzo. Posapita nthawi Chilingala chidalowa m'malo mwake, ndipo zimene piyano ndi malipenga zinkachita ku Havana adazisamutsira pa gitala.

OK Jazz idayamba mu June 1956, ndipo dzinali lidachokera ku OK Bar, malo achisangalalo amene gululi linkaimbako. Mawu akuti jazz nthawi imeneyo ankangotanthauza gulu lamakono lovala bwino. Mpikisano waukulu udali ndi African Jazz ya Joseph Kabasele, wodziwika kuti Grand Kallé, mwini nyimbo ya Indépendance Cha Cha ya 1960. Apa ndi pamene rumba ya ku Congo idagawikira panjira ziwiri. Njira ya Kabasele, imene Tabu Ley Rochereau ndi katswiri wa gitala Docteur Nico adaipitiriza, idali yosalala, yofewa, yoyang'ana kunja, yokondedwa ndi ophunzira ndi ogwira ntchito m'maofesi. Njira ya Franco, imene idadzatchedwa odemba, idali yokhakhala ndi yolemera, yotunga m'magule a makolo, makamaka a Akongo, mtundu wa mayi ake. Adaisankha dala, pakuti anthu ake adali a m'misika, m'mabala ndi m'makomboni.

Chimene chimazindikiritsa rumba imeneyi ndi kamangidwe ka nyimbo. Imayamba mwachifatse: oimba awiri, atatu kapena anayi amaphatikiza mawu n'kuyala nkhani, malipenga akumawayankha kumapeto kwa mzere. Nkhani ikafika pachimake, liwiro limasintha, mawu amachepa, ndipo magitala amatenga bwalo. Gawo lachiwirili ndilo sebene, ndipo ndi pamene ovina amanyamukira. Mu sebene gitala imabwereza kachidutswa kakafupi maulendo ambirimbiri, ikumakasintha pang'onopang'ono, moti womvera amazindikira mochedwa kuti wasunthidwa kale kuchoka pamene adayambira. Magitala amakhala angapo, iliyonse ndi ntchito yake: yotsogolera pamwamba, yosunga kugunda pansi, ina pakati yotchedwa mi-solo yoluka ziwirizo, ndi besi. Docteur Nico ankayendetsa nsambo imodzi ngati munthu woimba ndi pakamwa. Franco ankakoka nsambo ziwiri nthawi imodzi ndi zala, mwamphamvu, n'kutulutsa kulira kwachitsulo kofanana ndi kwa likembe, kalimba wa kumeneko. Amene adamumvapo kamodzi sasowa womuuza kuti gitala iyi ndi ya yani, ndipo n'chifukwa chake ankamutcha mfiti ya gitala.

Luso la makina nalonso lidathandiza. Zimbale zakale zinkangolola mphindi zitatu mbali imodzi. Zitabwera zimbale zazikulu, Franco adapeza malo amene ankawasowa, ndipo nyimbo zake zidayamba kufika mphindi 10, 15 kapena kuposerapo. Gulu nalo lidakula mpaka kupitirira anthu 30, n'kuwonjezera pa dzina lake mawu akuti Tout Puissant, kutanthauza lamphamvu zonse, kukhala TPOK Jazz. Mudadutsa akatswiri monga Vicky Longomba, Verckys, Sam Mangwana, Josky Kiambukuta, Ntesa Dalienst, Madilu System, ndi Simaro Lutumba, mlakatuli amene adakhala wachiwiri wake kwa zaka zambiri.

Mphindi zambirizo Franco ankazidzaza ndi nkhani za anthu wamba: maukwati ogwedezeka, mitala, ngongole, miseche, mabwana odzikonda. Mawu ake sadali okoma ngati a Tabu Ley. Adali okhuthala, ndipo nthawi zambiri ankangoyankhula, kudzudzula kapena kuseka pamwamba pa zoimbira, mwina akudziika m'malo mwa mkazi wodandaula. Mario, ya 1985, imene adaimba ndi Madilu, ndi nkhani ya mnyamata wophunzira bwino koma wokana ntchito, wodyera mayi wachuma womuposa msinkhu. Akazi ambiri ankamuona ngati wowayankhulira, ngakhale kuti nyimbo zake zina zidawanyoza mopitirira muyeso, ndipo pamenepa palibe chomuikira kumbuyo.

Ubale wake ndi Mobutu Sese Seko ndi wovuta kuuweruza. Mu 1966, boma litapachika poyera andale anayi, kuphatikizapo nduna yaikulu yakale Évariste Kimba, nyimbo yake ya Chikongo yotchedwa Luvumbu Ndoki, yonena za mfiti yodya abale ake, idamveka ngati chidzudzulo ndipo idaletsedwa. Koma Franco yemweyo ndiye adadzakhala mlaliki wa mfundo ya Mobutu yobwerera ku chikhalidwe cha makolo. Dziko litasintha dzina kukhala Zaire mu 1971, naye adasiya dzina la François n'kukhala L'Okanga La Ndju Pene Luambo Makiadi. Adalemera, adatsegula malo ake achisangalalo a Un-Deux-Trois, adalandira ulemu wa boma, ndipo mu 1984 adaimba Candidat na biso Mobutu yokopera anthu pachisankho chimene wopikisana adali mmodzi yekha. Kuyandikana ndi mpando sikudamuteteze nthawi zonse: mu 1978 adatsekeredwa m'ndende pamodzi ndi ena mwa oimba ake chifukwa cha nyimbo ziwiri, Hélène ndi Jacky, zimene boma lidati ndi zolaula.

Achinyamata nawo sadamudikire. Zaiko Langa Langa, imene idayamba mu 1969, idataya malipenga, idafupikitsa gawo lachifatse n'kutalikitsa sebene. Kuchokera mumsewu umenewo mudatuluka soukous ya ku Paris, kwasakwasa ya Kanda Bongo Man imene idagwedeza Malawi ndi Zambia, kenako ndombolo. Zonsezi ndi sebene imene yatsala yokha. Franco sadasiye gawo loyamba lija, chifukwa kwa iye nyimbo yopanda nkhani idali yosakwanira.

Mu 1987 adatulutsa Attention na SIDA, chenjezo lalitali la Edzi, lambiri mwa ilo m'Chifalansa kuti limveke kutali, pa nthawi imene atsogoleri ambiri mu Africa ankaopa kutchula matendawa. Posakhalitsa thupi lake lalikulu lija lidayamba kutha. Mphekesera zidafala kuti akudwala matenda omwewo, iye n'kumakana. Adamwalira pa 12 October 1989 m'chipatala cha ku Belgium ali ndi zaka 51. Mobutu adalamula masiku anayi a maliro m'dziko lonse, wailesi ya boma idaimba nyimbo zake zokhazokha, ndipo khwimbi la anthu lidadzaza misewu ya Kinshasa pomuperekeza kumanda a Gombe.

TPOK Jazz idapirira zaka zinayi zokha popanda mwini wake, kenako Simaro ndi anzake adachoka n'kukayambitsa Bana OK. Mu December 2021, bungwe la UNESCO lidaika rumba ya ku Congo pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, potsatira pempho la maiko awiri oyang'anizana pamtsinje uja, la Kinshasa ndi la Brazzaville.