Clements Kadalie, Mtonga amene adakweza malipiro padoko la Cape Town

Masiku ano akatswiri a zachuma akafuna kudziwa ngati bungwe la anthu apantchito limapindulitsa mamembala ake, amatenga zotsatira za kafukufuku n'kuyerekeza malipiro a mamembala ndi a anzawo amene sali m'bungwe. Malemu Clements Kadalie adayesa funso lomweli padoko ndi m'mafamu a ku South Africa, ndipo mayankho adali awiri osiyana.

Kadalie adabadwa m'chaka cha 1896 ku Chifira, pafupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Adaphunzira ku Livingstonia n'kukhala mphunzitsi, koma sadakhalitse m'kalasi. Adachoka kwawo mu 1915, ndipo atagwirako ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, adafika ku Cape Town mu 1918.

Mu Januwale 1919, mothandizana ndi mzungu wina, A.F. Batty, adayambitsa bungwe la Industrial and Commercial Workers' Union, lodziwika ndi dzina lakuti ICU, lili ndi mamembala 24 okha. Mu Disembala chaka chomwecho anthu pafupifupi 2,000 ogwira ntchito padoko adanyanyala ntchito kwa masabata awiri. Bungwe la azungu a kunjanji, limene lidawalimbikitsa poyamba, lidawathawa, ndipo sitalakayo idatha popanda chogwirika. Komabe makampani okweza ndi kutsitsa katundu m'zombo adali ataona mphamvu ya anthuwo, choncho mu 1920 adavomera kukweza malipiro. Boma lidalamula kuti Kadalie apitikitsidwe m'dzikomo, koma lamulolo lidafafanizidwa.

Padoko zinthu zidatheka chifukwa antchito adali pamalo amodzi, ndipo chombo chikaima tsiku limodzi mwini wake amataya ndalama. Kumafamu kudalibe mwayi wotere. Pofika 1927 ICU inkati ili ndi mamembala pafupifupi 100,000, ambiri a iwo a kumidzi ya ku Natal, Orange Free State ndi Transvaal. Ochuluka ankagwirira ntchito mlimi wachizungu kuti awalole kukhala ndi kulima pamalo pake, ndipo ndalama ankalandira pang'ono kapena osalandira n'komwe. Munthu wotere akapezeka ndi khadi lofiira la ICU, mlimi ankangomuthamangitsa pamodzi ndi banja ndi ziweto zake. Kwa iyeyo umembala sudakweze malipiro, udamulanda pogona.

Lamulo nalo lidali litatseka khomo. Industrial Conciliation Act ya 1924 idapatsa mabungwe olembetsedwa mphamvu zokambirana malipiro ndi mabwana, koma anthu akuda oyenda ndi ziphaso sidawawerengere m'gulu la antchito. Motero kusiyana kwa malipiro pakati pa amene ali m'bungwe lovomerezeka ndi amene ali kunja kudatsata khungu.

Kadalie nayenso adali ndi zofooka zake. Ankalankhula mokopa makamu, koma ndalama za bungwe sizinkayendetsedwa bwino. ICU idachotsa achikomyunizimu mu 1926, ndipo mu 1928 nthambi ya ku Natal idapatuka pansi pa A.W.G. Champion. Kadalie adatula pansi udindo mu 1929 n'kuyambitsa Independent ICU, imene idatsogolera sitalaka ya ku East London mu 1930.

Adamwalira mumzinda womwewo mu Novembala 1951. Buku la mbiri ya moyo wake, My Life and the ICU, lidasindikizidwa mu 1970.