Curtis Mayfield: munthu amene anakana kulima munda wa eni

Ambiri mwa inu awerengi mumaidziwa nyimbo ya Bob Marley yotchedwa "One Love". Imalira m'minibasi, m'mabala, pa maukwati ngakhale m'misika. Koma mukatenga chimbale cha Exodus cha 1977 n'kuwerenga bwinobwino, mupeza kuti dzina lake lonse ndi "One Love/People Get Ready", ndipo olemba ake ndi awiri: Marley ndi Curtis Mayfield. Wachiwiriyu ndiye ndafuna tikambirane lero. Anamwalira mu 1999, koma ine ndimaona kuti ali ndi phunziro kwa aliyense amene amadya thukuta lake, kaya ndi woyimba, telala, kalipentala kapena wogulitsa kaunjika.

Mayfield anabadwa pa 3 June 1942 mu mzinda wa Chicago ku America. Bambo ake anachoka pakhomo iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi mayi ake ndi agogo ake aakazi, amene anali mlaliki. Banjali linadzakhala ku Cabrini-Green, nyumba za boma zomwe munkakhala anthu akuda osauka. Kuyimba anayambira kutchalitchi cha agogo akewo, m'kagulu ka nyimbo zauzimu momwe munalinso mnyamata wina, Jerry Butler. Gitala anadziphunzitsa yekha. Poti panalibe womuuza, nsambo zake ankazichuna motsata makiyi akuda a piyano, ndipo anaimba choncho moyo wake wonse. N'chifukwa chake gitala ya Mayfield imamveka mwa yokha, yofewa, yosakalipa. Sekondale sanamalize. Ana a sukulu musati ndakulolezani kuthawa m'kalasi, chifukwa munthuyu atasiya sukulu sanasiye kuphunzira.

Phunziro loyamba la bizinesi analipeza ali ndi zaka 16. Mu 1958 gulu lawo, The Impressions, linatulutsa nyimbo ya "For Your Precious Love" kudzera ku kampani ya Vee-Jay. Nyimbo inagulidwa zedi, koma eni kampani analemba dzina la Jerry Butler patsogolo pa dzina la gulu. Anzake anakhumudwa, Butler anachoka n'kuyamba kuyimba payekha, gulu linatsala m'malere. Mayfield anaona ndi maso ake kuti mwini kampani ndiye amasankha wotchuka ndi woiwalika. Sanasunge mangawa. Anapita kukamuyimbira gitala Butler yemweyo, nalemba naye "He Will Break Your Heart" ya 1960, kwinaku akusunga ndalama. Atasonkhanitsa madola pafupifupi 1,000 anatenga anzake kupita ku New York kukajambula "Gypsy Woman", imene inatuluka mu 1961 n'kudzutsanso gulu lija.

Apa m'pamene pali nkhani yanga. Masiku amenewo woyimba wakuda ankapatsidwa tindalama ta m'manja, mwina ndi galimoto yonyezimira, n'kusayina pepala lopereka nyimbo yake kwa eni kampani mpaka kalekale. Koma nyimbo ili ngati mtengo wa mango. Imabereka chaka ndi chaka: ikalira pa wailesi, wina akaiyimbanso, ikalowa mu filimu, pamagwa ndalama, ndipo zimapita kwa amene dzina lake lili pa pepala la umwini. Sam Cooke anali atayamba kale kusunga umwini wa nyimbo zake, ndipo Mayfield anatengera pomwepo. Asanakwanitse zaka 20 anatsegula kampani yosunga umwini wa nyimbo pamodzi ndi Eddie Thomas, naitcha Curtom, kuphatikiza mayina awo awiri. Mu 1968 dzina lomwelo linakhala la kampani yawo yojambula ndi kugulitsa zimbale. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, iye anafuna lake.

Nyimbo zinkatuluka mwa iye ngati madzi pa kasupe. Ali ndi Fred Cash ndi Sam Gooden mu The Impressions analemba "It's All Right" mu 1963, "Keep On Pushing" mu 1964 ndi "People Get Ready" mu 1965. Nthawi yomweyo ankalemberanso ena: Major Lance anatchuka ndi "The Monkey Time", Jan Bradley ndi "Mama Didn't Lie", Gene Chandler nayenso anadyapo. Mawu ake a Mayfield anali aang'ono, okwera ngati a mnyamata wa m'kwaya. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Iye analibe mawu ogwedeza denga, koma ankadziwa polowetsa malipenga, pomwe ng'oma iyenera kupuma, ndiponso nyimbo yoyenera pakamwa pa woyimba aliyense.

Tisaiwale kuti zimenezi zinkachitika anthu akuda ku America akumenyera ufulu wovota ndi wokhala pa mpando uliwonse m'basi. Nyimbo za chikondi ndizo zinali malonda otetezeka, koma Mayfield anatenga kayimbidwe ka kutchalitchi n'kuikamo uthenga wolimbikitsa anthu ake. "People Get Ready" imakamba za sitima yonyamula okhulupirira, ndipo aliyense wakuda ankamva kuti sitimayo si ya kumwamba kokha. Anthu otsatira Martin Luther King ankayimba nyimbo zakezi pa maulendo awo a zionetsero. Itatuluka "We're a Winner" kumapeto kwa 1967, mawailesi ena anakana kuiulutsa ati yanyanya ndale. Inafikabe pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo za anthu akuda. Kodi woyimba amene chilichonse amapempha kwa bwana akanalimba mtima chotere? Ine ndikukayika. Pakamwa pamamasuka ngati poto ali wako.

Uthengawo unawoloka nyanja. Ku Jamaica anyamata atatu, Bob Marley, Peter Tosh ndi Bunny Wailer, ankatsanzira kagwirizanidwe ka mawu ka The Impressions. "One Love" yoyamba anaijambula mu 1965 atabwereka mizere ya Mayfield, ndipo poijambulanso mu 1977 dzina la mwini wake linalembedwa. Choncho tonse okonda rege kuno kwathu takhala tikumumvera munthuyu osadziwa.

Mu 1970 anachoka m'gulu n'kutulutsa chimbale cha Curtis, momwe muli "Move On Up". Mu 1972 anapemphedwa kukonza nyimbo za filimu ya Super Fly, yonena za wogulitsa mankhwala ozunguza bongo ku Harlem. Ambiri anaidzudzula filimuyo kuti ikukometsera moyo wa zigawenga, malaya odula ndi magalimoto aatali. Mayfield anachita zake. Nyimbo monga "Freddie's Dead" ndi "Pusherman" zinaonetsa mbali imene kamera inkaibisa, ya mnyamata wofera pa msewu ndi ya wamalonda wodyera pa imfa za anzake. Chimbalecho chinakhala pa nambala wani ku America masabata anayi. Kenaka analembera ndi kujambulira Gladys Knight and the Pips nyimbo za filimu ya Claudine mu 1974, The Staple Singers "Let's Do It Again" mu 1975, imene inafika pa nambala wani, ndi Aretha Franklin chimbale cha Sparkle mu 1976.

Sindikuti zonse zinali uchi. Disiko itabwera malonda ake anatsika, ndipo cha m'ma 1980 anatseka maofesi a ku Chicago n'kukakhazikika ku Atlanta. Dzina lake linazirala. Kenaka tsoka. Pa 13 August 1990, akukwera pa nsanja kuti ayimbe pa bwalo la Wingate ku Brooklyn, mphepo yamkuntho inagwetsa zitsulo zonyamula magetsi, zinamugwera pakhosi. Kuyambira tsiku limenelo thupi lake lonse kuchokera m'khosi kutsika linafa ziwalo. Gitala sanaigwirenso.

Taganizani, bambo wa ana khumi, wosatha kukweza ngakhale supuni. Woyimba wodalira madansi okha akanathera pomwepo, chifukwa kopanda nsanja kulibe malipiro. Koma mitengo imene anabzala ali mnyamata inali kuberekabe. En Vogue anayimbanso nyimbo yake ya mu Sparkle mu 1992, anyamata a rap ankadula zidutswa za nyimbo zake n'kumangirapo zawo, ndipo yense ankayenera kulipira. Mu 1996 anatulutsa chimbale chomaliza, New World Order. Poti mapapo analibe mphamvu, ankayimba atagona chagada mu situdiyo, mzere umodzi n'kupuma, mzere wina n'kupuma, akatswiri n'kumalumikiza. Matenda a shuga anamudulitsa mwendo mu 1998, ndipo anamwalira pa 26 December 1999 ku Roswell, m'chigawo cha Georgia, ali ndi zaka 57. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi malipenga a "Move On Up" anamvekanso mu "Touch the Sky" ya Kanye West.

Kuno kwathu bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, COSOMA, lilipo kuyambira 1992. Komabe ndi oyimba angati amene amagulitsa nyimbo yonse pa mtengo wa thumba la feteleza chifukwa lendi yavuta? Ndipo ife ogula, tikamakopera nyimbo pa foni mwaulere, timaganizako zoti woyimbayo tsiku lina adzadwala? Nanunso a bizinesi funso ndi lomwelo: dzina lili pa chiphaso cha shopu, pa pepala la malo, pa chizindikiro cha katundu wanu, ndi la yani?

Luso la Mayfield sitingalitengere, linali mphatso yake. Koma kuwerenga pepala usanasayine, ndi kukana kugulitsa munda chifukwa cha njala ya tsiku limodzi, zimenezo aliyense angathe. Fumbi ndiwe mwini.