Mbusa William Murray ndi Masalmo a M'chinenero Chathu

Amayi anzathu, pamene tikukondwerera zaka za Chigwirizano chathu, nkwabwino kuti tikumbukire munthu amene ntchito yake timainyamula m'manja sabata ndi sabata. Tikamachezera pamaliro ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Mpingu, mmodzi wa ife amatsegula Buku Lopatulika pa Salmo 23 kapena pa Salmo 90, ndipo anamfedwa amatonthola. Masalmowa ndi ndakatulo zimene zidalembedwa m'Chihebri zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kuti zifike m'chinenero chathu padali anthu amene adakhetsa thukuta, ndipo wowatsogolera adali Mbusa William Hoppe Murray.

A Murray adabadwira ku South Africa m'chaka cha 1866, m'banja limene lidatulutsa abusa ambiri a mpingo wa Dutch Reformed. Adafika m'dziko muno m'chaka cha 1894 ndi kukakhala ku Mvera, kumene mbale wao Mbusa A.C. Murray pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok adatsegula mishoni m'chaka cha 1889. Mbale waoyo atabwerera kwao, utsogoleri wa mishoni yonse udagwera iwo, ndipo adausenza zaka zoposa 30. M'nthawi yaoyo ndi m'mene likulu lidasamukira ku Nkhoma.

M'chaka cha 1900 amishoni a mipingo ingapo adapangana kuti pakhale Baibulo limodzi la onse olankhula Chinyanja, monga chinkatchulidwira masiku amenewo. Sichidali chinthu chapafupi, pakuti Mmang'anja wa kumwera ndi Mchewa wa kuno kwathu amasiyana pa mawu ambiri. Bungwe loyang'anira ntchitoyi lidatsogozedwa ndi Dr. Alexander Hetherwick a ku Blantyre, koma katundu wolemera adali pamutu pa a Murray. Chipangano Chatsopano chidayamba kutuluka, kenaka padatsala Chipangano Chakale, chimene chili chachitali koposa. Pofuna malo a phee, iwo ankakwera phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi lidagwiridwira kumeneko.

M'Chipangano Chakale ndimo muli ndakatulo zochuluka: Masalmo 150, buku la Yobu, Miyambo, Nyimbo ya Solomo, Maliro, ndiponso mbali zambiri za mabuku a aneneri. Zina mwa izo zidatuluka m'kamwa mwa amayi, monga nyimbo ya Miriamu pa Eksodo 15, ya Debora pa Oweruza 5 ndi pemphero la Hana pa 1 Samueli 2. Kumasulira nkhani ya ulendo kapena ya nkhondo nkosavuta kwenikweni, chifukwa womasulira amangolondola zimene zidachitika. Koma ndakatulo imafuna kuti tanthauzo lifike pamodzi ndi kukoma kwake. Likafika lokha tanthauzo, ili ngati ndiwo zopanda mchere.

Mlakatuli wa Chihebri ankanena chinthu pamzere woyamba, ndipo pamzere wachiwiri ankachibwereza ndi mawu ena, kapena kuchionjezera, kapena kunena chotsutsana nacho. Ife amayi kamangidwe kotere sitikudabwa nako. Ndi m'mene timaimbira pamtondo ndi pachinkhoswe, wina kutsogolera, ena kuvomera. Nchifukwa chake Masalmo adakhazikika msanga m'makutu mwa agogo athu, ndipo ena amene sadapiteko kusukulu adawaloweza pamtima pongomva anzao akuwerenga.

Komatu mutu umodzi susenza denga. Munthu wobadwira kutali sakadatha yekha kudziwa mawu amene mayi amalira nawo mwana wake, kapena amene mlimi amathokozera nawo mvula. Pambali pa a Murray padali Amalawi odziwa chinenero chao: a Jonathan Sande, a Ishmael Mwale ndi a Wilibesi Chikuse. Maina awa satchulidwa kawirikawiri, koma tikamamva kukoma kwa Salmo m'Chichewa tidziwe kuti makutu ao adagwirapo ntchito.

Baibulo lathunthu lidasindikizidwa m'chaka cha 1922, ndipo lidakonzedwanso m'chaka cha 1936. A Murray adapuma pantchito m'chaka cha 1937 ndi kubwerera ku South Africa, kumene adamwalirira m'chaka cha 1947. Sukulu ya William Murray ku Nkhoma idatenga dzina lao.

Ntchito yomasulira sidathere pomwepo. Abale athu a Chikatolika, amene tili nawo ambiri ku Namitete ndi ku Nambuma, adalandira Malembo Oyera m'chaka cha 1966. M'chaka cha 1998 kudatuluka Buku Loyera, limene mipingo idamasulira mothandizana m'Chichewa cha masiku ano, ndipo pamene Buku Lopatulika lidalemba dzina la Yehova, ilo lidalemba Chauta.

Tsono nkhawa yathu ndi iyi. Ana athu ambiri akakumana ndi mawu akale a m'Buku Lopatulika amangodumpha, ndipo okalamba amene akadawamasulira akutha mmodzimmodzi. Tiyeni madzulo, tikatha kudya, tizipatsa mtsikana kapena mnyamata Salmo limodzi kuti awerenge mokweza, agogo ali pomwepo. Akakhumudwa pa mawu ena, tisamuseke, koma timuuze tanthauzo lake, monga amayi athu adatiuzira ife.