Job Maseko: Msilikali amene anamiza chombo ndi chitini cha mkaka

Job Maseko ankagwira ntchito ku Springs, tauni ya migodi kummawa kwa Johannesburg, kuja makolo athu ankati ku Joni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, iye analowa gulu la asilikali akuda la Native Military Corps. Asilikali amenewa sankaloledwa kugwira mfuti. Yawo inali ntchito yonyamula ovulala pamachira, kuphika ndi kuyendetsa galimoto.

Mu June 1942, Ajeremani analanda doko la Tobruk ku Libya, ndipo Maseko anagwidwa n'kukhala mkaidi wa nkhondo. Adaniwo anamuika pa ntchito yotsitsa katundu m'zombo zawo. Ali pantchitopo, anathira onga wa m'zipolopolo m'chitini cha mkaka, n'kuchibisa pakati pa migolo ya mafuta m'chombo china, kenaka n'kuyatsa chingwe. Chombocho chinaphulika n'kumira. Pambuyo pake Maseko anathawa, nayenda pansi m'chipululu mpaka kukapeza anzake.

Chifukwa cha kulimba mtima kumeneku, anapatsidwa mendulo yotchedwa Military Medal. Komatu menduloyo sinamuchotse mu umphawi. Anamwalira mu 1952 atagundidwa ndi sitima yapamtunda, ndipo ndalama za maliro anthu anachita kusonkha. Ulemu unadza mochedwa: sukulu ina ya pulaimale ku KwaThema, ku Springs komweko, inatchedwa dzina lake.

Aphunzitsi, mukawerenga nkhaniyi ndi ophunzira anu, atumeni akafunse agogo awo za asilikali a KAR a m'dera lanu. Kodi iwo atabwerako kunkhondo, anathokozedwa bwanji?